Kiki Imene Wyson Sankaimva

Wyson Kapalamula anali mmisiri weniweni wa zoimba, koma umisiri wakewo sunapindulire munthu aliyense, ngakhale iye mwini. M'kati mwa sabata ankagayitsa chimanga pachigayo china ku Ligowe. Lamlungu ankadzitsekera m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya mlongo wake, Yunike, n'kumajambula nyimbo zaukali za magitala olira ngati macheka, zotchedwa hevi metulo, zimene anazikonda ali mnyamata ku Blantyre.

Nyimbo imodzi yokha ndiyo ankafuna kuimaliza. Magitala ndi mawu zinali zitatheka. Chinatsala ndi ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi, imene oimba amaitcha kiki. M'nyimbo zamtunduwu kiki imathamanga kwambiri, ndipo iyenera kukhala ndi zinthu ziwiri: kugunda kwapansi kofika pachifuwa, ndi kaphokoso kakuthwa kapamwamba, kakuti tha! tha!, kolekanitsa kuponda kumodzi ndi kunzake. Popanda kaphokosoka, ng'oma imamira m'magitala n'kusanduka phala.

Zonsezi Wyson ankazidziwa. Anaika bulangeti lopinda m'kati mwa ng'omayo kuti isamalire motalika. Anaboola chikopa chakutsogolo, nalowetsa maikolofoni mpaka kuyandikira pamene kamutu ka chopondera kamamenya, ndipo pomenyedwapo anamata kapulasitiki kolimba kodula kuchigubu. Pa laputopu anachepetsa mawu apakati, aja omveka ngati katoni. Komabe kaphokoso kaja sikanabwere. Anakweza mawu apamwamba, osabwera. Miyezi inatha akukwezabe.

Amene ankamuimbira gitala ya besi anali Jeffrey, wazaumoyo wochokera ku Zomba amene anatumizidwa kudzagwira ntchito m'deralo. Lamlungu lina Wyson anamuveka mahedifoni kuti amve pamene afika. Jeffrey anawavula msanga nkhope itakwinyika.

"A Wyson, mukufuna kundiboola mutu? Imeneyi ndi misomali pamalata!"

"Wati chiyani?"

"Ndati yathwa mopyola!"

"Usandinamize iwe. Yabuntha. Ikumveka ngati munthu akupuntha matiresi."

Yunike, amene ankasankha nyemba pakhomo, analowererapo. "Matiresi ati, achimwene? Mukaiika pa sipika ngakhale galu wakwathu kuno amasamuka."

Jeffrey sanaseke. Anatulutsa foni, naliza kamawu kamodzi kopyapyala, kotalika. Yunike anatseka khutu ndi chala. Wyson anayang'ana foniyo, nadikira.

"Kodi uyiliza liti?"

Pakhomo nyemba zinasiya kulira m'lichero. Jeffrey anathimitsa foni, nakhala pamulu wa matumba moyang'anana naye, kuti milomo yake izioneka.

"Chigayo chakudyani makutu, akulu. Mawu apamwamba ndiwo amayamba kupita."

"Mankhwala ake?"

"Palibe. Chimene chapita sichibwerera. Tingangoteteza chotsalacho."

Wyson anayang'ana ng'oma yake. Anakumbukira kuti chilimwe chapitacho anadabwa kuti nyenje zachepa m'mitengo, ndipo anaimba mlandu ootcha makala. Tsopano anazindikira kuti kaphokoso kamene anakasaka miyezi yonseyi kanalimo, mwina kuyambira tsiku loyamba, ndipo iye anakaononga ndi dzanja lake pokakweza. Ngakhale atakakonza lero, ngakhale katamveka bwino kuposa kiki iliyonse ya m'Malawi muno, iye sadzakamva.

"Tiyeni tichite chonchi," anatero Jeffrey mokweza. "Inu muziponda, muzikonzanso kugunda kwapansi, poti kumeneko mukukumva. Zapamwambazo ndizikumverani ine. Ndikati basi, musiye pomwepo. Dzina likhala lanu, ine sindifuna kutchulidwa. Mawa ndikubweretseraninso zotseka m'makutu, muzivala kuchigayo."

"Vomerani, achimwene," anatero Yunike. "Munthu akudzipereka yekha."

Wyson anasisita m'mphepete mwa laputopu ndi chala. Sanakayike kuti Jeffrey akunena zoona, ndiponso kuti khutu lake ndi labwino. Chimene sanathe kuchimeza n'chakuti tsiku lina munthu adzayamikira kiki ija, iye n'kumagwedeza mutu osadziwa chimene chikuyamikiridwa.

"Phazi langa, khutu lako," anatero potsiriza. "Ndiye ng'omayo ikhala ya yani?"

"Yanu, eti. Ine ndingokhala ngati magalasi amaso."

"Magalasi amaonetsa mwini wake. Iwe uzimva wekha, ine n'kumakukhulupirira."

Anaimirira, natenga gitala ya besi pamene inatsamira kukhoma, naipukuta fumbi ndi mkono wa malaya, naipereka kwa Jeffrey, mwini wake, ndi manja awiri.

"Zikomo, adokotala. Zotseka m'makutuzo mukapatse amene akadali ndi makutu oti n'kuwatseka. Pitani bwino."