Malaya a Apongozi

Dzuwa la Okutobala ku Chawama silinyengerera munthu. Tsiku limenelo linagwetsa a Hosea, apongozi ake a Mainess, pamulu wa miyala imene ankaphwanya chiyambire m'mawa. Anzawo anawabweretsa pa wilibala, n'kuwagoneka m'nyumba yamalata yotentha ngati uvuni, iwo n'kuthamanga kukasaka galimoto.

Mainess anangoima pakhomo. Zaka zisanu ali pabanjapo, anali asanakhudzepo ngakhale dzanja la bambowo. Akawaona akubwera, ankapatuka n'kugwada poteropo.

A Hilda, akazi awo, anali atawafunditsa kale mabulangete awiri.

"Ni malaria iyi," anatero. "Bakachoka thukuta, bazankhala bwino."

Thukuta lake liti? Nkhope inali youma gwa, milomo yosweka, ndipo odwalawo ankaitana amayi awo amene anamwalira kalekale. Mainess anagwidwa ndi mantha. Iye amagulitsa masamba pamsika, ndipo amadziwa chimene chimapulumutsa repu masana: saka lonyowa pamalo podutsa mphepo. Madzi akamauma amanyamula kutentha n'kupita nako. Ukangowamangira m'pulasitiki, masamba amapsa iwe ukuona.

"Amai, tibachose mabulangeti. Bazafa aba."

"Iwe! Unankhala dokota liti? Choka apo, ulibe nsoni?"

Manyazi anali nawo. Koma maso a a Hosea atayamba kutembenuzika, Mainess analowa. Anataya mabulangete uko, n'kukokera mphasa kukhomo ndi munthu yemwe. Malaya a nayiloni anakana kuvuka, iye anangowang'amba, mabatani n'kumwazika pansi.

"Mayo! Abavula batate bake ba mwamuna!" anakuwa mayi wina panja, ndipo anthu anayamba kuunjikana.

Mpopi unali utauma masiku atatu, m'nyumbamo munatsala chigubu chimodzi chokha cha madzi. Kukhuthula onse pakamodzi kukanangonyowetsa simenti. Anathira pang'ono m'beseni, n'kumapaka ndi dzanja pakhosi, pachifuwa, m'khwapa momwe. Kenako anaponyera a Hilda chivindikiro cha ndowa.

"Kupizani, amai! Manzi yeka siyasebenza, yafuna mphepo. Imwe pakhomo, fendelani uko!"

A Hilda anakupiza, uku akulira, uku akumutukwana. Khungu linkauma msanga ngati chiwaya chapamoto, Mainess n'kunyowetsanso. Mikono inalema, chigubu chinayamba kupepuka, galimoto osaoneka. Mumtima ankadziwa kuti bambowa akafera m'manja mwake ali chivulire, mlandu wonse udzakhala wake.

Mpweya wa a Hosea unayamba kutsika pang'onopang'ono. Anaphethira, n'kuyang'ana denga, kenako dzanja limene linali pachifuwa pawo, kenako mwini dzanjalo. Mainess anasiya kupaka. Ngakhale chivindikiro chinaima.

Mkuluyo anatembenuzira nkhope kukhoma mwamanyazi, nalankhula ndi khomalo motsitsa mawu.

"Musaleke, amai. Thilani futi."

Mainess anaviikanso dzanja m'beseni, nayenso atayang'ana kumbali, misozi ili chuchuchu.