Kiyi wa Pakhosi pa Tabuzo

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi Luz, yemwe onse ankamutchula mwaulemu kuti Manang, kutanthauza achemwali aakulu, anakhala akusoka mabala a asilikali m'kachipinda ka odwala ka sitima ina yankhondo. Koma akuluakulu atafuna munthu woti akaphunzire ku Manila kupima akazi ogwiriridwa, anamudumpha n'kusankha Rosalind Tabuzo, namwino wobwera dzana. Rosalind anabwerako ndi bokosi loyera lotoleramo umboni, ndipo kiyi wake ankamuvala pakhosi ngati korona. Luz akangomuona kiyiyo, mtima unkamuwira ndi nsanje. Paja mphuno imodzi silowa zala ziwiri.

Lachitatu m'mawa, sitima ili pakati pa nyanja ya Sulu, kutatsala masiku anayi kuti ifike padoko, m'kachipindamo munalowa Cherilyn, msilikali wachitsikana wogwira ntchito ku makina. Mlomo unali wotupa, mabatani awiri a malaya atathothoka.

"Manang, a Tabuzo ali kuti?"

"Bwanji? Ine ndine khoma?"

"Ndikufuna iwowo, Manang. Mkulu wathu wa ku makina wandigwirira mosungira zida muja. Sindinasambe. A Tabuzo anatiuza kuti zikachitika tisasambe."

Chisoni Luz anamva ndithu, koma nsanje ndiyo inafika poyamba. Mwana ameneyu ndi Luz yemweyo anamuchiza chizungulire cha panyanja, ndi iye ankamuphikira phala la mpunga akadwala. Lero zamugwera akufuna wa kiyi! Rosalind anali pamwamba pomwepo, akuphunzitsa asilikali kumanga mabala, ndipo kumuitana kunali kungonyamula foni ya pakhoma. Luz anaiyang'ana foniyo n'kuisiya.

"A Tabuzo atanganidwa ndi sukulu yawoyo. Mwanawe, ukhale ndi fungo la chilombo chimenecho mpaka masana? Kwathu ku Bohol mkazi sasiyidwa choncho. Bwera kuno."

"Koma iwo anati..."

"Za m'buku zimenezo! Ine ntchitoyi ndinaiyamba iyeyo akuyamwa."

Anamutenthetsera madzi, anamusambitsa, anamuwenga zikhadabo zake zothyoka, n'kumumwetsa tiyi wa jinja. Yunifolomu ndi zovala zamkati anazichapa ndi manja ake, sopo osaumira, n'kuziyanika pa paipi yotentha. Cherilyn analira atatsamira pachifuwa chake, ndipo n'zamanyazi kunena, koma Luz zinamukomera.

Rosalind anatsika nthawi ya nkhomaliro. Atamva nkhaniyo anagwada pafupi ndi Cherilyn n'kumufunsa ngati akulola kupimidwa. Cherilyn analola. Rosalind anavula kiyi uja, anatsegula bokosi, n'kuyala timaenvulopu ndi timitengo ta thonje patebulo. Apo m'pamene anaona tsitsi lonyowa, zikhadabo zowengedwa, ndi yunifolomu ikudontha madzi pa paipi.

"Manang, mwachita chiyani?"

"Ndamusamalira mwana," anatero Luz.

Rosalind sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangogwira dzanja la Cherilyn.

"Mng'ono wanga, mankhwala ndikupatsa, mabala onse ndilemba ndi kuwajambula. Tiyesetsa. Koma sindikunamiza, umboni wambiri wapita ndi madzi."

Cherilyn anatembenukira kwa Luz.

"Ndinapirira litsiro lija kuyambira mbandakucha, Manang. Bambo uja akakana, ndionetsa chiyani? Inu munati a Tabuzo atanganidwa."

"Ndinali pamwamba pompa," anatero Rosalind motsitsa. "Foni sinalire."

Luz anayang'ana manja ake. Zala zinali zidakali zofota ndi sopo.