Mkaka Womwera Mankhwala

Akazi a telala ankasita malaya a amuna awo pamene mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, analowa osagogoda. Ankachokera kuchipatala ndi bambo ake. Atelala analowa pambuyo akukoka mapazi, dzanja likunjenjemera ndi matenda awo monga mwa masiku onse, alongo awo atawagwira pachigongono.

"Amayi, zimitsani simbiyo. Mapiritsi aja bambo amamwera chiyani?"

"Mkaka, ndi dzira lowiritsa. Mankhwala samwera m'mimba mopanda kanthu, mwanawe, amasupula matumbo."

"Nthawi zonse?"

"Katatu patsiku. Sindinaphonyepo."

Namwino anakhala pampando nkugwira chipumi. Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala. Mankhwalawo, iye anati, ndi amino asidi, kachidutswa kofanana ndi timene timapanga zakudya zomanga thupi. Kakafika mu ubongo kamasandulika dopamini, chinthu chimene bambo ake akuperewera, chimene chimachititsa manja kumvera mwini wake. Koma mkaka ndi dzira zikagayika zimatulutsa tizidutswa tina tambirimbiri, ndipo tonse timalimbirana khomo limodzi, m'matumbo ndi polowera ku ubongo. Ka mankhwala kaja kamatsala panja.

"Ndiye miyezi khumi yonseyi mumangonenepetsa achimwene anga ngati nkhuku yogulitsa?" anatero alongo aja. "Makina osokera anagulitsidwa, alamu. Munthu anasiya ntchito ya manja ake chifukwa cha dzira lanu."

Mayi anayang'ana pakona pamene pankakhala makinawo, pomwe miyendo yake inasiya zipsera zinayi pasimenti. Anakumbukira mmene ankamwera tiyi wopanda mkaka kuti kapu ya amuna awo idzaze, ndi kapemphero kamene ankanong'oneza poipereka: Ambuye, limbitsani manja awa. Kani nthawi yonseyo manja awo omwe, opereka mkakawo, ndiwo ankatseka njira.

"Adokotala anandiuza." Mawu a atelala anali otsika, monga matendawo anawasiyira.

Onse anatembenuka.

"Tsiku loyamba lomwe. Anati ndizimwera madzi, chakudya chizibwera patapita theka la ola."

"Nanga osanena bwanji, bambo?" anafunsa namwino.

"Ndinapeza amayi ako atasenda kale dzira, ataika kamchere pambali. Anali atalira usiku wathawo. Ndinati ndinena mawa."

"Mawa lake ndi lino?" anatero mayi.

"Kenako ndinachita manyazi. Ndikanayambira pati? Munkasangalala mukaona kapu ili mbee."

"Ndinkasangalala." Mayi anapinda malaya aja mosamala, mkono pa mkono. "Tsiku limene anyamata ananyamula makina munandiyang'ana ndikulira, inu kukamwa kuli chete. Lero ndasanduka mfiti pamaso pa abale anu, chifukwa munachitira ulemu dzira."

Alongo aja anayamba kufunafuna kanthu m'chikwama mwawo.

Wotchi ya pakhoma inkasonyeza kuti nthawi ya piritsi la masana yakwana. Mayi anapita kukhitchini, nabwera ndi madzi okha. Sanawapatsire m'manja ngati kale. Anaika tambula patebulo, nabwerera ku simbi yawo.

Atelala anayesa kuinyamula, madzi anatayikira pathalauza. Anaibweza.

"Make mwana," anatero, koma mayi sanacheuke. Atelala anakoka mpweya, nakweza mawu mpaka anamveka m'chipinda monse. "Make mwana, ndinakulakwirani. Ndikhululukireni."