Chimanga cha Pachulu

Mbozi zinalowa m'munda mwa a Yosefe Daka mu Januwale, chimanga chikulekeza m'mawondo. Woyamba kuziona anali akazi awo, a Ketilina, akupalira kumunsi chakudambo. Masamba anali obookabooka ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, ndipo m'kati mwa nsonga munali zinthu zonga utuchi. Atawauza amuna awo, iwo anangoti ameneyo ndi kapuchi wa chaka ndi chaka, mvula yamphamvu ikagwa imukokolola.

Chaka chimenecho mlangizi wa zaulimi, Mayi Leticia, anali atatsegula gulu la alimi a ku Mtenguleni pa WhatsApp. Midzi yoti ayendere inali yambiri, njinga yamoto imodzi yokha. Choncho anapempha kuti Lolemba lililonse mlimi aliyense azijambula chimanga chake ndi foni n'kutumiza. M'foni mwawo munali pulogalamu imene imayang'ana chithunzi cha tsamba n'kunena chomwe chikulidya.

A Yosefe foni anali nayo, yowagulira mwana wawo Pemphero amene amakhala m'tauni, ku Kapata. Koma munthu uja, abale inu, kunyada! Mudzi wonse unkawadziwa kuti ndi katswiri wa chimanga, ndipo iwo ankakonda kumva zimenezo. Tsono m'gulumo munali a Boaz, mnzawo wa kutchalitchi, amene ankapikisana nawo pa ulimi kuyambira ali anyamata. Ndiye a Boaz aone chimanga cha a Daka chili chodyekadyeka? Bola kufa.

Pakati pa mundawo panali chulu chakale, ndipo aliyense wogwira khasu amadziwa mmene chimanga cha pachulu chimakhalira: chonenepa, chobiriwira, chosiya chinzake kutali. Lolemba likafika, a Yosefe ankavala jekete, n'kuima chapatali, n'kujambula chulucho. Anthu m'gulu ankayamikira, iwo mtima uli m'malo. Mayi Leticia atapempha chithunzi cha tsamba chojambulidwa pafupi, a Yosefe anasankha tsamba losalala kwambiri pachulu pomwepo. Pulogalamu ija inati chimanga chili bwino. Ikanatinso chiyani?

A Ketilina anayesa kulankhula. “Atate ake a Pemphero, kodi chulucho n'chimene tidzadye chaka chonse?” Amuna awo anawauza kuti za foni sazidziwa, asiye.

Sabata yomweyo a Boaz anatumiza chithunzi chonyansa: tsamba long'ambika, kambozi kali gone pakati. A Yosefe anaseka mpaka kutsokomola, n'kumaonetsa akazi awo kuti taonani mlimi wa dzina lokha. Koma lisanalowe dzuwa, Mayi Leticia anali atayankha kale kuti zimenezo ndi mbozi zachilendo, osati kapuchi, n'kuwauza a Boaz chochita zikadali zazing'ono. A Ketilina anamva uthengawo ukuwerengedwa, mtima wawo n'kuwawa, chifukwa kambozi kaja kanali kofanana ndendende ndi ta m'munda mwawo.

Mvula yamphamvu inagwadi, koma sinakokolole kanthu. Chimanga cha a Boaz chinaphuka masamba atsopano, pamene cha a Yosefe, kuyambira kudambo kukwera mtunda, chinasanduka nsanza. Iwo anayamba kumazungulira njira ina popita kuchulu, kuti asachione.

Tsiku lina a Yosefe popita ku mapemphero a mphakati, anasiya foni pawindo. A Ketilina anaitenga, kuthamangira kumunda, kugwada m'matope, kukanula nsonga ndi zala n'kujambula. Chithunzi choyamba sichinaoneke bwino. Anapukuta diso la foniyo ndi chitenje n'kujambulanso. Anachitumiza m'gulu, pomwe a Boaz ndi aliyense akanachiona.

A Yosefe pobwerera anakalipa kuti achititsidwa manyazi. Ukali wake unatha m'mawa mwake, njinga ya Mayi Leticia itaima pamunda. Mayiwo anayenda mzere ndi mzere, kenako anaima pachulu paja n'kupukusa mutu. “A Daka, foni imaona chimene mwaionetsa basi. Mukanandionetsa izi tsiku limene amayi anaziona, munda wonsewu tikanaupulumutsa.” A Yosefe anavula chipewa n'kumangochitembenuza m'manja. Chisoni chinawagwira kwambiri, ndipo panalibe wina womuloza chala.

Chakumunsi chinali chitapita, mbozi zitakula n'kudya mpaka mtima wa phesi. Chakumtunda chinali ndi moyo. Mlangizi anawaonetsa kufunafuna mazira pamasamba n'kuwaphwanya, kutola mbozi m'mamawa, ndi kupopera mankhwala oyenera molunjika m'nsonga dzuwa lisanatenthe. Wobwera ndi chopopera chake kudzathandiza anali a Boaz omwewo, ndipo sanaseke ngakhale pang'ono. Zimenezo n'zimene zinawapweteka a Yosefe koposa.

Pokolola, nkhokwe imene inkasefukira chaka chilichonse inalekeza pakati. Banjalo silinagone ndi njala, koma chimanga chopatsa Pemphero ndi ana ake m'tauni panalibe. Pemphero atabwera ndi matumba monga mwa nthawi zonse, atate ake anamuperekeza kumsewu matumbawo ali opinda kukhwapa. Pobwerera anangowauza a Ketilina kuti akuluakulu sananame, manyazi anapha lambe.

Dzinja lotsatira, chithunzi choyamba m'gulu chinachokera kwa a Daka: tsamba limodzi la timabowo titatu, lojambulidwa pafupi, chala chawo chakuda chikuoneka pambali. Mayi Leticia anayankha tsiku lomwelo, ndipo chaka chimenecho nkhokwe inadzadza.

Alimi anzanga, kamera ya foni ingatithandize kudziwa msanga chimene chikudya mbewu zathu, koma siyenda yokha m'munda. Yendani munda wonse, pezani mbewu yodwala, ijambuleni pafupi pakuwala, ndipo tumizani kwa mlangizi tsiku lomwelo. Chimanga cha pachulu sichifuna dokotala, muonetseni chodwalacho.