Chipewa Chobisa M'chijasi

Ethel wa ku Kaduya anali ndi diso la zovala, ndipo diso lomwelo ndi limene linkamusowetsa mtendere. Amayi anzake akagula matemba ankataya pepala lokulungira, koma iye ankaliwongola ndi chikhatho n'kuyamba kuliyang'anitsitsa. Pa pepala lina lotere panali chithunzi cha mzimayi wakunja, wowonda ngati kwawo sadya, akuyenda monyang'wa pakati pa anthu atavala chipewa chofiira chopendekera kumanzere. Ethel analisunga m'buku la nyimbo, moti bukulo mpaka lero limanunkha nsomba za ku Chilwa.

Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: kulowa m'tchalitchi tsiku lina atavala chipewa, osati duku. Zipewa kumeneko zinali za anthu olandira malipiro a pamwezi ochokera m'maboma ena, makamaka a Violet, akazi a ahedi, amene popatsa Ethel moni maso ankakhala ali kumapazi kwake. Tisanamizane, zimenezo zimapweteka.

Tsiku lina la msika pa Chiringa, mu Okutobala wa chaka chija tinavota kachiwiri, Kaliati wogulitsa kaunjika anadula belo latsopano. Azimayi anagwerapo ngati nkhuku pamadeya. Ethel anapisa mkono mpaka m'phewa, n'kutulutsa chinthu china. Chinali chipewa chofiira psuu, chofewa, cha kanthenga pambali, mphwake weniweni wa cha papepala chija.

Tsono wodziwa kaunjika amadziwa kuti belo likangodulidwa mtengo umakhala wa anthu a pamwezi. Dzuwa likapendeka, wogulitsa akayamba kuganiza zomanga katundu, mpamene umatsika kufika kwa ife olima nandolo. Kandalama ka Ethel kanali ka mtengo wa madzulo, ndipo a Violet anali akubwera chapoteropo ndi ambulera yawo.

Ethel anachita zimene akatswiri amachita. Anapinda chipewacho, n'kusankha chovala chonyansa kuposa zonse pamuluwo, chijasi chakuda cholemera ngati thumba la chimanga, n'kukankhira chipewacho m'kati mwa mkono wa chijasicho. Ndani angagule chijasi mu Okutobala, pamene abuluzi omwe akufuna mthunzi? Anachoka akudziyamikira mumtima kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anazungulira kwa a tomato, anacheza ndi anthu amene sawakonda n'komwe, mpaka zithunzi zinatalika.

Atabwerera, chijasi panalibe.

"Achimwene, chijasi chakuda chija chili kuti?" anafunsa Ethel.

"Chapita, mayi," anatero Kaliati. "Inu mwayamba liti za majasi?"

"Ndimafunira abambo akunyumba."

"Mwachedwa. Onani uko, chikuyenda."

Chinali kuyendadi. Mwini wake watsopano anali atachikoleka paphewa, akukankha njinga, mkono umodzi wa chijasicho utatupa ngati njoka yomeza chule. Ndipo mwa anthu onse a m'boma la Phalombe, mwiniyo anali a Eneya, mkulu wa mpingo, bambo ake a Stafford mwamuna wa Ethel. Apongozi ake enieni.

Mbalame ikakhala pauta silasika. Akanakhala munthu wina, Ethel akanamuthamangira n'kuchikoka chipewacho. Koma apongozi, amene ukakumana nawo umapatuka n'kugwada, maso pansi, ungawauze bwanji kuti taimani ndipiseko m'malaya mwanu? Panalinso china: chipewacho chinali chosalipira. Mkulu wa mpingo anali kuyenda ndi katundu wakuba osadziwa, ndipo wowasenzetsa anali iye.

Anawatsatira chapatali njira yonse, akupemphera kuti chigwe. Paulalo a Eneya anaima, nakonza chijasi paphewa, Ethel maso ali pamkono wotupa uja. Sipanagwe kanthu.

Kunyumba anaulula zonse kwa Stafford, amene anaseka mpaka kugwira khoma.

"Pitani mukatenge, a bambo a Linda, chonde," anatero Ethel.

"Ine ndikasecha jasi la bambo? Uli bwinobwino iwe?"

Lamulungu linafika. Ethel anamanga duku wake wamasiku onse, nakhala pansi pa mtengo wa mango panja pa tchalitchi ali ndwii. Kenaka anaona kanthu kofiira kakubwera munjira. Chinali chipewa chake, ndipo chinali pamutu pa a Lenia, apongozi ake aakazi. Anachivala pamwamba pa duku, chakutsogolo kumbuyo, kanthenga katalozera kumene achokera. Ethel anapsa mtima, ndipo nsanje inamugwira. Chapambali a Violet ndi anzawo anali akusekera m'mipango.

A Lenia anamukodola Ethel kuseri kwa mtengo.

"Apongozi, taonani," ananong'ona. "Zaka makumi anayi, bambo anuwa sanandigulireko ngakhale ndolo. Dzana angofika n'kuti, tenga, ukavale Lamulungu. Ine sindikudziwa kuti chawagwira n'chiyani. Ndavala bwino?"

M'maso mwawo munali mutalengeza misozi. Ethel mawu anali nawo, atafika kale pamlomo, koma anawameza. Anawavula duku apongozi akewo, nawasalaza imvi ndi zala, n'kutembenuza chipewa. Anachipendeketsa kumanzere pang'ono, ndendende ngati papepala la matemba paja. Kenaka anabwerera m'mbuyo kuti aone. Chinawakhala mayiwo, chinawakhala kwabasi, ndipo zimenezo zinamuwawa ndi kumusangalatsa nthawi imodzi.

Atatulukira, kuseka kwa a Violet kunazima.

"Amayi, mwatchenatu! Chimenechi n'cha ku Limbe?" anafunsa a Violet.

"Kafunseni amuna anga," anayankha a Lenia monyada. "Koma wondiveka ndi mpongozi wanga uyu."

A Violet anamuyang'ana Ethel, ndipo ulendo uno anamuyang'ana kumaso.

Belu litalira, a Eneya anatulukira atavala chijasi chija, thukuta lili kamukamu. Ethel anagwada pambali pa njira kuti adutse. Iwo anaima, natembenukira ku phiri la Michesi monga achitira apongozi aulemu, n'kuyamba kulankhula ngati akuuza phirilo.

"Amake Linda, musade nkhawa. Kaliati ndinamulipira zonse ziwiri, jasi ndi za m'kati mwake."

Ethel anafuna pansi patang'ambika.

"Ndinakuonani mukubisa," anapitiriza a Eneya. "Ine ndinazungulira msika wonse kufuna kanthu ka mayi anu, koma za akazi sindizidziwa. Ndiye ndinati, chimene lasankha diso la mpongozi wanga sichingalakwike. Pepani, ndinakulandani."

"Palibe kanthu, bambo," anatero Ethel, ndipo anadabwa kumva kuti akunena zoona.

A Eneya anapukuta thukuta m'khosi, nayenda mapazi awiri, n'kuimanso, maso adakali kuphiri.

"Msika ukubwerawu ndikufuna nsapato zawo, nambala sikisi. Koma chonde, apongozi, mukabise m'kanthu kopepuka. Chijasichi chindipha."