Woyankha Mauthenga a Kuphiri

Felista anaphunzira za makompyuta ku Chirunga, ndipo ntchito anaipeza m'tauni momwemo, pa kampani yogula zipatso kwa alimi n'kumakagulitsa kumahotela ndi m'masitolo. Iye ndi anzake awiri anapanga pulogalamu ya pa foni. Mlimi akaona kuti mabulosi kapena mapichesi apsa, ankangolemba uthenga, lole n'kubwera zipatso zisanafewe. Anayamba kuiyesa ndi kalabu imodzi ya alimi a kuphiri, kufupi ndi Mulunguzi, ndipo nyengo yonseyo palibe dengu lomwe linaola.

Akuluakulu a kampani anakondwa. Anati pulogalamuyo ifike kumakalabu onse, ndipo ichoke m'manja mwa oipanga, ipite ku ofesi yoyendetsa malole, kwa a Medson. Panachitika kamwambo, anthu anamwa zoziziritsa kukhosi, anaomba m'manja. Felista ndi anzake anawapatsa ntchito ina.

Posakhalitsa mauthenga anayamba kuchepa. Makalabu atsopano analemba pang'ono n'kusiya. Kenako ngakhale a ku Mulunguzi anangoti zii. Bwana wamkulu anauza Felista kuti zinthu zikapanda kusintha pofika msonkhano wa mwezi wamawa, pulogalamuyo aitseka.

Felista anafufuza paliponse m'pulogalamumo, osapeza chofa. Ndiye anapita kwa a Medson, bambo a imvi a ku Mtiya, amene anakalambira pa ntchito ya malole.

"Mwana wanu uja wadwala," anatero a Medson akumukokera mpando.

"Si wanganso, a Medson. Munamulandira pamaso pa anthu."

"Ine ndinalandira makina. Uthenga ukabwera ndimauona, lole ndimatumiza. Nanga akapanda kulemba, nditumize kwa yani?" Anakanda m'mutu. "Mawa lole ikukwera kuphiri. Tiyeni tonse, tikamve kwa eni ake."

Ananyamuka m'mawa, nkhungu isanachoke m'mitengo ya paini. Anapeza mayi Consolata, wapampando wa kalabu ya ku Mulunguzi, akumanga nsalu pa dengu la mabulosi. Ankafuna kutsika nalo pamutu mpaka kumsika, ngakhale mwendo wawo wamanzere unali wotupa.

"A Felista, muliko? Ife timayesa munasamuka."

"Sindinasamuke, mayi. Awa ndi a Medson, a malole. Tabwera kudzamva chomwe munasiyira kulemba."

"Ndani anasiya? Ine ndinalemba. Ndinaodira, pakhomo pali zii. Ndinaodiranso, zii. Nanga munthu ungalowe m'nyumba asanakuyankhe? Kale ndikalemba munkandiyankha kuti tamva, n'kundifunsanso za mwendowu. Pamenepo ndinkauza amayi anzanga kuti tiyeni tithyole. Pano tithyola bwanji osadziwa ngati uko kuli munthu? Lole inabwera ndithu, koma inapeza zipatso zikadali m'munda."

A Medson anaseka mpaka kugwira chitseko cha lole. "Ndiye dalaivala anabwerera n'kudzandiuza kuti alimi a kuphiri amalemba zabodza."

"Mukamuuze abwere adzandiuze pamaso," anatero mayi Consolata.

A Medson anatembenukira kwa Felista. "Kodi makina aja kale ankayankha okha?"

"Ayi. Ndinkayankha ndine, pa foni yanga." Felista anayang'ana dengu lija. "Sindinkaiona ngati ntchito. Munthu akakulankhula umangomuyankha basi. N'chifukwa chake pokupatsirani pulogalamu sindinatchule."

Kenako Felista anati ayambiranso kuyankha yekha monga kale.

"Makalabu onsewa? Ndi ntchito yatsopano ili pamutu panu?" A Medson anapukusa mutu. "Mudzatopa, tidzabwereranso pomwepa. Inu mukonze kuti makina azinena kuti uthenga wafika. Koma tsiku la lole azinena ndi munthu, ndipo dzina lake lizioneka. Makalabu tigawana ine ndi anzanga a mu ofesi. Ya Mulunguzi ndatenga ndine."

Anatulutsa foni m'thumba la jekete. "Mayi, talembani tione."

"Ndilembe muli pamaso pangapa?"

"Lembani. Ndikufuna kuphunzira aphunzitsi anga alipo."

Mayi Consolata anamasula foni pa nsonga ya chitenje n'kulemba. Foni ya a Medson inalira. Iwo anavala magalasi, nayamba kuyankha ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, lilime lili kunja. Mayiwo anawerenga mokweza: "Tamva, mayi. Lole ibweranso Lachinayi m'mawa, muthyole. Ndine Medson."

Anaikweza foniyo m'mwamba kuti aionetsetse. "Za mwendo simunafunse."

"Ndikufunsani pakamwa, poti muli pompano. Uli bwanji?"

"Ukupuma lero, ngati dengu ili likwera lole."

Dengu linakwera. Potsika phiri Felista anakhala kuwindo, akuyang'ana madenga a tauni akuyamba kuoneka pansi. Anafuna kuthokoza a Medson, koma iwo anali otanganidwa kuimbira apampando a makalabu ena, kudzitchula dzina ndi kufunsa za kunyumba.

Mauthenga anayambiranso, oyamba a ku Mulunguzi, kenako a makalabu ena. Pa msonkhano uja nkhani yotseka sinatchulidwe. Bwana wamkulu atafunsa za pulogalamuyo, amene anaimirira kufotokoza anali a Medson. Felista anangokhala kumbuyo, manja pamiyendo, mtima uli m'malo.

Lachinayi lotsatira a Medson analowa mu ofesi ya Felista ndi kajumbo ka mabulosi.

"Akupatsani mayi Consolata. Anga ndadya m'njira." Anakhala pansi osadikira kuuzidwa. "Tsono pulogalamu yanga ija ili ndi vuto. Zilembo n'zazing'ono, maso anga akuwawa. Komanso ndikufuna malo oti ndizisungapo za anthu, uyu mwendo, uyu mwana ali ku sekondale. Ndayamba kuwasokoneza."

Felista anatsegula kajumbo kaja, anatola bulosi limodzi. "Mwati pulogalamu ya yani, a Medson?"

"Yanga. Inu mumangokonza."

"Zikomo, bambo," anatero Felista akusendeza kompyuta kuti onse aone. "Tiyambe ndi zilembozo."