Pegi Inali M'manja mwa Gawie

Ku Ermelo chisanu cha mu Julaye chimaluma mpaka m'mafupa, koma ndi pomwe azibambo a kalabu ya tindege toulutsa ndi rimoti ankachita phwando lawo la pachaka, aliyense ndi mphika wake wa miyendo itatu. Ndinakhala nawo zaka zisanu ndikuwakonzera tinjini tawoto. Amuna aimvi onyadira zidole ngati amenewo sindinawaonenso kwina.

Lamulo lawo lalikulu linali la mapegi oyanikira zovala. Marimoti awiri a nambala imodzi akayatsidwa pamodzi, kandege kamamvera mabwana awiri n'kugwa. Choncho usanayatse yako, unkayamba watenga pegi ya nambala yako pathabwa. Analemba lamuloli ndi Dolf, tcheyamani, mwininso wake wa munda womwe ankaulutsiramo.

Chaka chimenecho Gawie, kalaliki wa njanji wopuma ntchito, anabwera ndi kandege kachikasu komwe anakhala akumata ndi guluu zaka zitatu. Kanali kasanaulukepo.

"Madala, kameneka kauluka, kapena tisonkhezere moto?" anatero Dolf.

Onse anaseka. Dolf akaseka, aliyense ankaseka basi.

Gawie anatenga pegi yake, nayipana pa rimoti. Kandege kanathamanga pa udzu wouma n'kunyamuka. Kanakwera bwino zedi, mpaka Hettie, mkazi wa Dolf, anasiya kukazinga mandasi.

Ine ndinali pa mphika wa mchira wa ng'ombe. Ndinaona Dolf, mowa wa bulande kudzanja, akuonetsa alendo awiri rimoti yake yatsopano. Anayiyatsa. Nambala yake inali ya Gawie yomweyo.

Kandege kanagwedezeka, kanatembenuka chagada, n'kulunjika pansi. Phwa! Zidutswa zachikasu mbwee m'ziputu za chimanga.

Kanyale ka rimoti ya Dolf kanali kakuyakabe, ndipo aliyense anakaona. Iye anazimitsa pang'onopang'ono, n'kuyibisa kuseri kwa dengu la buledi.

"Mphepo ya lero ndi yachinyengo," anatero wina. Utsi wa m'miphika unkakwera njo, osapendama n'komwe.

Gawie anabwerako zidutswa zili m'thumba la zinyalala. Anaima pamaso pa Dolf. Ndinati mumtima: nenani, bambo, pegi muli nayo ndinu.

"Gawie mnzanga," anatero Dolf, "ukamanga kena, munda wanga ndi wako ngati kale. Eti?"

Gawie anayang'ana anzake. Onse anali atatanganidwa ndi kuvundula miphika. Kwina koulutsira kunalibe m'boma lonselo.

"Ndi guluu," anatero Gawie. "Ndinaumira guluu pa phiko."

"Mwamva? Munthu woona mtima!" Dolf anamumenya pamsana. "Hettie, m'patse fupa lalikulu!"

Gawie analidya fupalo mpaka kuliyamwa mafuta. Pomaliza anathokozanso.